Kuimirira Amuna Anga ku Gulu la Osiya Mowa

“Kodi amake mwana, sikelo ya masiku ano yayamba kuchitika Lachitatu lililonse?”

Anandifunsa choncho ndi amayi oyandikana nafe nyumba, tili pa mjigo m'mawa wa chisanu. Ndi iwo amene ndinkawasiyira mwana wanga wamkulu ndikamachoka. Anafunsa akupopa, maso ali pa ndowa, ngati akufunsa mtengo wa mchere. Amayi ena amene ankatsuka zigubu anasiya kutsuka.

“Akuti wamng'onoyu sakukwera bwino,” ndinatero.

Mwanayo anali kumsana kwanga, masaya ngati mandasi. Anamuyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kuti, “Ooo. Pepanitu.” Ndinasenza ndowa isanadzaze, ndipo njira yonse ndinkangomva maso awo kumsana.

Ku sikelo sindinkapitako. Ndinkapita ku Mayani, ku kagulu ka anthu amene akulimbana ndi kusiya mowa. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, ngakhale wamasese wa pa ukwati. Ndinkapita kukaimirira amuna anga.

Iwo kwawo ndi cha ku Lobi. Kuno anabwera chikamwini, anamanga pa malo a malemu amayi anga, ndipo munda ndi dimba zimene tinkalima zinali za kumtundu kwathu. Pa ntchito panalibe wowanena. Mizere ya mbatatesi ankaiwongola ngati akoka chingwe, ndipo mwana akalira ankamunyamula okha osadikira kuti ndipukute m'manja. Vuto linali tsiku logulitsa. Akangokweza matumba panjinga kupita kumsika, ndinkadziwa kuti wobwerako adzakhala munthu wina. Sankamenya, sankatukwana. Ankangofika ali lende ngati chitenje chonyowa, m'thumba mulibe kanthu, nthawi zina njinga ataisiya kwa mwini kachasu.

Chaka chimene mwana wathu wamkulu, wamkazi, anadwala chibayo, iwo anapita kukafuna njinga yamoto yoti itipititse kuchipatala, n'kudzabwera mawa lake. Amene anatithandiza ndi amalume anga. Amalumewo ndi munthu wofatsa, woweta nkhumba, wokonda nthabwala, ndipo ndiwo nkhoswe ya banja lathu. Mwana atachira, amalume anawakhazika amuna anga pansi pa mtengo wa mapichesi, ine ndili pomwepo. Sanakweze mawu. Anati, “Akamwini, ine ndimakukondani, mukudziwa. Koma ndikadzamvanso za mowa, tidzakuperekezani kwanu. Sindikufuna kudzaika mdzukulu m'manda chifukwa cha botolo.”

Amuna anga analumbira kuti asiya, ndipo anasiyadi mpaka chimanga chinacha. Kenaka anangosintha njira. Ankamwera kutali, kumsika, n'kumabwera kudzera kudimba atatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Miyendo ikawakana ankagona m'kachisakasa ka kudimba, ine n'kumauza anthu kuti akulondera kabichi. Amalume akandifunsa kuti, “Nanga akamwini?” ndinkati, “Anasiya, amalume.” Iwo n'kusekerera: “Ndinadziwa ine. Munthu uja ndi wabwino.”

Kubisa sikunkavuta, chifukwa kwathu kuno amawerenga khomo, osati munthu. Kukakhala kuumba njerwa za sukulu, akaitana dzina la amuna anga ndinkayankha ine kuti “Alipo,” n'kunyamula chikombole. Pa mzere wa feteleza ndinkaima ine. Ku mphakati, kokonza msewu, kumsonkhano wa alangizi a zaulimi, ine ndemwe. Bola khomo laoneka, palibe amene amafunsa kuti bambo ali kuti. Ndinazolowera mpaka ndinkaona ngati chilichonse chawo ndingathe kuwachitira.

Ndinayesa mankhwala a kumsika, aufa wakuda aja amati ukathira mu tiyi munthu amanyansidwa ndi mowa. Anasanza tsiku lonse, ine n'kumawapepesa ngati sindikudziwa kanthu, ndipo Loweruka lake anakamwa. Ndinayesa novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Kenaka tsiku lina la sikelo yeniyeni ndinatsalira mpaka amayi onse atachoka, n'kufunsa alangizi a zaumoyo monong'ona kuti kodi munthu wa mowa amathandizidwa kuti. Ndinati ndikufunsira mnzanga. Iwo anapitiriza kupinda zingwe za sikelo osandiyang'ana kumaso, ndipo ndinawathokoza chamumtima. Anati anamva kuti ku Mayani kuli anthu amene amakumana Lachitatu masana, cha kutchalitchi, anthu oti nawonso ankamwa ndipo amathandizana okhaokha. Malo enieni sankawadziwa.

Ulendo woyamba unapita pachabe. Chikwangwani panalibe, ndipo pakamwa panga panakana kutchula chimene ndinkafuna. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato kuti msonkhano wa Lachitatu uli kuti, iye n'kundilozera kuholo. Ndinakapeza amayi a kwaya akuphunzira nyimbo ya pa ukwati. Anandisunthira, anandipatsa pepala, ndipo ndinaimba nawo mpaka dzuwa kupendeka, kuopa kuti ndikatuluka andifunsa chimene ndinadzera. Pomaliza wina anandiyamika mawu n'kuti ndisadzajombe. Pobwerera ndinkaseka ndekha panjira, kenaka ndinangoona misozi.

Sabata yotsatira sindinafunse munthu. Ndinakhala pansi pa bulugamu moyang'anana ndi tchalitchi, ndikuyamwitsa, n'kumangopenya. Ndinaona bambo wina akubwera. Atafika pakona ya holo anacheuka uku ndi uku, n'kukhotera kuseri. Patapita kanthawi anabwera wina, chimodzimodzi. Kayendedwe kameneko ndinkakadziwa bwino, ndi mmene amuna anga ankatulukira m'njira ya kudimba. Ndinabereka mwana n'kuwatsatira.

Kuseriko kunali kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka ndi matumba a laimu. Munali abambo angapo ndi mayi mmodzi wachikulire wa zipsera za moto m'manja. Wotsogolera anali bambo wa imvi, wovala jekete lalikulu kuposa thupi lake, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti kale anali mphunzitsi. Anandilozera pokhala osafunsa kanthu. Ankayankhula mmodzimmodzi. Aliyense ankayamba n'kunena kuti mowa unamugonjetsa, kenaka n'kufotokoza mmene sabata yamuyendera. Wina anati anadutsa pa malo ake akale atatseka mphuno ngati akudutsa pa galu wakufa, onse n'kuwomba m'manja. Wina anati iye anagwa Lamulungu, ndipo palibe amene anamukalipira.

Itafika nthawi yanga ndinatsika pabenchi n'kugwada, monga tichitira pamaso pa akuluakulu.

“Ine ndabwera kudzaimirira bambo a kunyumba. Iwo atanganidwa kudimba. Ndiye ngati pali polemba dzina mulembe lawo, ndipo ngati pali mankhwala ndiwatengera.”

Kenaka bambo wina wopanda mano a kutsogolo anaseka mpaka kutsokomola.

“Atanganidwa! Nanenso mayi, ndinatanganidwa kudimba mpaka mano onsewa anathera komweko!”

“Taleka iwe,” anatero mayi wa zipsera uja. “Ukuseka chiyani? Ukanakhala ndi mkazi wotere bwenzi lero ukutafuna chimanga chokazinga.”

Bambo wa jekete anadikira kuti phokoso lithe. Anati, “Khalani pabenchi mayi, muno sitigwadirana. Kulemba sitilemba, mankhwala tilibe. Tili ndi pakamwa ndi makutu basi. Feteleza mungathe kuwatengera, njerwa mungathe kuwaumbira. Koma ichi, pepani mawuwa, chili ngati kuchimbudzi. Satumana.”

Onse anasekanso, ine ndinasowa koloza maso. Ndinafuna kunyamuka, koma mayi uja anandigwira chitenje. Anandinong'oneza kuti iye anali wotcheza kachasu, anayamba ndi kulawa kuti amve ngati wapsa bwino, mpaka anadzagwera pa moto wake womwe. “Mwayenda mtunda wautali,” anatero. “Khalani mumve. Mukafuna kubweranso bwerani, koma muzidziwa kuti mwabwera inuyo.”

Mawu amenewo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mumtima ndinkati, bola khomo laoneka. Ndinayamba kubwera Lachitatu lililonse. Ndinkathirira kudimba m'mamawa manja ali gwa ndi chisanu, n'kusamba, n'kuyamba ulendo nkhungu isanachoke m'mapiri. M'kachipindamo ndinkamva zinthu zimene ndinkayesa kuti zimachitika m'nyumba mwathu mokha. Wina anatchula masamba a gwafa, onse n'kufa nazo kuseka, aliyense anali atatafunapo. Ine ndinkasunga zonse m'mutu kuti ndikafotokoze kunyumba, monga ndinkachitira ndi malangizo a kabzalidwe ka nyemba.

“Akuti musamaganize za chaka chonse,” ndinawauza amuna anga tsiku lina tikusankha mbewu pakhonde. “Akuti mukadzuka muzingoti, lero lokha sindimwa.”

“Akuti ndani?”

Ndinawauza kumene ndinkapita. Anaika pansi mbewu imene inali m'manja mwawo.

“Ndiye mwakanditchula ku gulu la zidakwa?”

“Dzina safunsa.”

“Nanga munati ndinu mkazi wa ndani?”

“Wa munthu wotanganidwa kudimba.”

Anaseka pang'ono, kenaka anaphimba nkhope ndi manja. Anati, “Amake mwana, ubwino wanuwu ndiye umandipha. Sabata ya mawa tipitira limodzi.”

Anasambadi, anavala malaya a kutchalitchi, tinayenda limodzi iwo atanyamula mwana paphewa. Titafika pa chigayo, pamene denga la tchalitchi limayamba kuonekera, anandipatsa mwana. “Tsogolani, ndionane kaye ndi munthu wa matumba. Ndikupezani.” Ndinalowa, ndinayala kansalu pabenchi pambali panga kuti pasakhale munthu, n'kuuza gulu kuti akubwera. Chitseko chikangolira ndinkacheuka. Msonkhano unatha kansalu kali pomwepo. Ngakhale wopanda mano uja sanaseke. Iye anangokatola n'kundipindira. Zimenezi zinachitika kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkayala.

Wondiona anali mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anabwera kuchigayo. Anandiona ndikutuluka kuseri kwa holo pamodzi ndi wopanda manoyo, munthu woti dera lonse limamudziwa kuti kale ankagona m'ngalande. Funso la pa mjigo lija linabwera sabata yomweyo, ndipo kuchokera pamenepo nkhani inayenda ndi miyendo yake. Ankati ndimamwa mobisa, ndimathira kachasu m'botolo la mankhwala a mwana, n'chifukwa chake ndimangokhala phee ngati nkhosa. Amayi ena popereka moni anayamba kundiyandikira kwambiri ngati akufuna kundinong'oneza, koma akununkhiza. Ndinkaziona mphuno zikugwira ntchito, ine n'kumayankha kuti ndadzuka bwino kaya inu.

Nthawi imeneyo ndinkathandiza pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, kuphika phala ndi kuimbitsa ana. Malipiro panalibe, koma ntchitoyo ndinkaikonda. Ana ankanditchula kuti aphunzitsi, ine wolekera sitandade sikisi. Amayi a pampando wa komiti anabwera kunyumba n'kunena kuti ndipumuleko kaye, makolo ena akudandaula za moto ndi ana. Ndinati chabwino. Ndinawaperekeza mpaka panjira, n'kuwathokoza kuti abwera okha osatuma munthu.

Mawu ochepa akanandiyeretsa, kungonena kuti ndimapitira amuna anga. Koma mawu omwewo akanafika kwa amalume dzuwa lisanalowe, ndipo amalume akanadziwa kuti mowa sunathe. Ndiye ndinalola kuti chidakwa ndikhale ine. Ndinkaganiza kuti mbiri ili ngati chimfine, imatha yokha, ndipo pomwe izidzatha amuna anga adzakhala atalowa kale m'kachipinda kaja.

Mayi wa zipsera nditamuuza zimenezi anapukusa mutu. “Mwana wanga, wawasenzera njerwa, wawasenzera feteleza, lero wawasenzera ndi dzina lomwe. Iwowo atsala ndi chiyani choti asenze? Munthu wopanda katundu sathamangira kutula.” Ndinati amayi simukuwadziwa, ndi munthu wabwino. Iye anati, “Nanenso ndinali munthu wabwino.”

Tsiku lina mwana wathu wamkulu anabwera kuchokera kosewera n'kundifunsa, “Amayi, chidakwa n'chiyani? Akuti ndi inu.” Bambo ake anali pomwepo, ndipo anatuluka panja. Atabwerera ndinawapempha kuti akanene okha kwa amalume, mwina poona kuti adziulula okha angawamvere chisoni. Anati, “Ndikanena. Ndipatseni nthawi ndikonze mawu.” Anakhala masiku angapo osamwa, akugwira ntchito ngati ng'ombe ya pagoli, mpaka tsiku logulitsa linafikanso.

Amalume anabwera m'mawa wina atanyamula kabichi wamkulu. Anakhala pakhonde, anaseweretsa wamng'ono, anakamba za nkhumba yawo imene inadya sopo. Amuna anga anali pambali akukhoma mpini wa khasu. Kenaka amalume anatsokomola.

“Mwana wanga, si ndewu ayi. Matenda ndi matenda. Ndamva zimene zikukuvuta, ndamvanso kuti ukuyesetsa kupita kothandizidwa, ndipo pamenepo ndakuyamika. Koma takambirana ndi achemwali ako a ku Kabwazi aja. Anawa akakhale kaye kwa iwo mpaka upeze bwino. Wamng'onoyu wakula, atha kuleka bere.”

Mwanayo anali pa miyendo yawo, akukoka batani la malaya awo. Ine ndinayang'ana amuna anga n'kumadikira. Kudikira sikunandivutepo pa moyo wanga, ndipo ndinkadziwa kuti apa pokha ayankhula.

Amalume anatembenuka. “Kapena ndikulakwa, akamwini? Inu ndi amene mumagona m'nyumba muno. Mumaona chiyani?”

Amuna anga sanadzutse mutu. Anatembenuza mpini uja m'manja, n'kunena motsitsa, “Ine sindidziwa bwino, amalume. Nthawi zambiri ndimakhala kudimba.”

Sindinakwiye nthawi yomweyo, mkwiyo unadzabwera patapita masiku. Chimene ndinamva ndi kuzizira, ngati ndaponda m'madzi a m'dambo m'mwezi wa Juni. Ndinanyamuka, ndinatenga mwana pa miyendo ya amalume n'kumubereka, ndipo nsalu ndinaimanga mothinitsa mpaka analira.

“Amalume, ana anga sapita kulikonse. Ine sindimwa. Nunkhizani ngati mukufuna, ena onse ananunkhiza kale. Ku Mayani ndimapita kukaimirira awa. Sanasiye. Ndinkakunamizani.”

Amalume anayang'ana ine, anayang'ana iwo. Nthabwala zonse zinawathera.

“Akamwini, n'zoona?”

Amuna anga anavomera ndi mutu, misozi ikugwera pa mpini.

“Za mowa tikanakambirananso,” anatero amalume. “Mtima wanga ndi wofewa, mwina ndikanakupatsani chaka china. Koma mwakhala apa mukumva ndikumulanda mwanayu ana ake, inu n'kumakhoma khasu.”

Ankhoswe a kwawo anaitanidwa, ndipo nkhani sinatalike. Amuna anga anachoka ndi njinga, bulangeti ndi khasu lomwelo. Ndinawakonzera kamba wa panjira, mbatata yowotcha ndi mtedza, chifukwa sindinadziwe china choti manja anga achite. Potsanzika anati, “Kwathuko ndikafunafuna gulu ngati lija.” Ndinati, “Mukalifune.”

Lachitatu lotsatira ndinapitanso ku Mayani. Nthawi yanga itafika ndinafotokoza zonse, ndipo kanali koyamba kuti ndiyambe ndi za ine mwini. Bambo wa jekete anangomvetsera, sanandikumbutse mawu ake aja. Wopanda mano anati, “Mayi, mukanandiuza! Ndikanabwera kumudzi kwanu kudzachitira umboni kuti simumwa.”

“Umboni wa iweyo ndiye ukanamumaliziratu,” anatero mayi wa zipsera.

Ndinaseka nawo mpaka mwana anadzidzimuka kumsana, kenaka kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo anandisiya ndilire mpaka nditatopa.

Za amuna anga ndimamva mwa apo ndi apo kwa anthu opita kumsika. Ena amati anachepetsa, ena amati ali chimodzimodzi. Ngati analipeza gululo, sindikudziwa. M'mudzi muno ena anandipepesa, ena mpaka lero amati tinkamwera limodzi. Ku mkombaphala anali ataika kale munthu wina, ndipo sindinapemphe kubwerera. Mbatatesi za m'dimba chaka chimenecho zinapsa ndi chiwawu, chifukwa wopopera mankhwala anali atapita ndipo ine ndinachedwa kuphunzira. Amalume amandikondabe, koma ndikawauza kanthu amafunsanso kachiwiri kuti, “Zoona?”

Ana anga ndili nawo onse awiri. Zimene zinapita ndi ntchito ya ana ija, mbewu ya chaka chimodzi, mawu anga pamaso pa amalume, ndi bambo wa m'nyumba muno.